Kachipsera kolowa m'kati patsaya: ndidule kapena ndikasiye?

Wa ku OPD

Mwaswera bwanji akuluakulu nonse a pagulu lathu lino la azaumoyo. Ndabwera ndi nkhani yandisowetsa mtendere lero. Kwabwera mtsikana wa zaka 24, mphunzitsi, ali ndi kachipsera kolowa m'kati patsaya lakumanzere. Ndi kadzenje kakang'ono, mwina mamilimita 3. Akuti kanatsala atadwala katsabola ali Sitandade 4. Sikawawa, sikatulutsa kanthu. Chinkhoswe chake kwatsala masabata 5, ndipo akupempha kuti ndikachotse tsikulo lisanafike.

Ku minor theatre ndimachotsa zotupa za pansi pa khungu monga ma lipoma ndi ma cyst, mabala ndimasoka tsiku ndi tsiku. Koma pankhope pa munthu amene sakudwala, dzanja likundilemera. Maganizo anga anali ongodula ka ellipse (kachidutswa ka khungu kosongoka uku ndi uku ngati tsamba) n'kusoka. Mukuti bwanji? Chithunzi ndili nacho.

Sister wa ku theatre

Achimwene, chithunzicho muyambe mwamupempha mwiniwake, ndipo mudule patsale tsaya lokha. Maso ndi pakamwa zisaoneke. Muno tilimo anthu ambiri, ndipo Malawi ndi wochepa, wina apezeka kuti ndi mlamu wake.

Wa ku OPD

Zoona Sister, zikomo. Ndimuimbira kaye, akavomera ndiponya.

Mayi wa kiliniki ya khungu

Mwachita bwino kufunsa musanagwire mpeni, mwanangu. Ine chithunzi sindikuchifunitsitsa, chifukwa foni imanama pa zipsera. Ndikufuna zimene zala zanu zimve.

Ku Moshi ku Tanzania, pa sukulu ya matenda a khungu ya RDTC komwe ena a ife tinaphunzira, chinthu chomwe ndinatola n'chakuti zipsera zolowa m'kati si mtundu umodzi, ndipo chilichonse chili ndi mankhwala ake. Pali kabowo kothina kozama, ngati pomwe pabayidwa ndi msomali, kukamwa kwake kosafika mamilimita 2. Ako timati ice pick. Pali kadzenje ka m'mbali mowongoka ngati mwadinda ndi chotsekera cha bolopeni, pansi pake pafulati. Ako ndi boxcar, ndipo katsabola amakonda kusiya kotere. Ndiye pali chinanso chotakata, chopanda m'mphepete mooneka, khungu langoti pheee kulowa ngati chigwa. Icho ndi rolling, ndipo chimalowa chifukwa pansi pali timinyewa tolimba tomwe tikukokera khungu m'kati ngati zingwe.

Ndiye akabwera muchite izi. Mukhazikeni pampando, asagone, chifukwa munthu akagona khungu limakokeka, kadzenje kamabisala. Zimitsani getsi la pamwamba, muwalitse tochi kuchokera m'mbali. Kenako ikani zala ziwiri uku ndi uku, mutambasule khungu. Kakasalala n'kuzimirira, nkhani yake ndi ina. Kakatsala pomwepo ndi makoma ake, nkhani yakenso ndi ina. Muonenso pansi pa kadzenjeko, ngati khungu lake likufanana ndi loyandikana nalo kapena ndi lotuwa, lonyezimira, lopyapyala.

Musaiwale kufufuza keloid, chipsera chija chimatupa n'kukula kupitirira pomwe panali bala. Onani chipsera cha katemera wa BCG pamkono, m'makutu momwe anaboola ndolo, pachifuwa, ndi mphini ngati anatemedwapo. Mufunse ngati kwawo kuli wina wa zipsera zotupa. Ife a khungu lakuda keloid satichedwera. Pakati pa nkhope si malo ake kwenikweni, amakonda khutu, chifuwa, mapewa ndi m'mphepete mwa nsagwada, koma munthu amene ali nayo kale ine sindimudula chifukwa cha maonekedwe.

Wa mano

Pepani ndilowererepo, ngakhale ine ndi wa m'kamwa. Kadzenjeko kali pati penipeni? Ngati kali kufupi ndi nsagwada kapena pachibwano, mutsegulitseni pakamwa.

Ndikunena chifukwa ndinaonapo bambo wina amene anadulidwa kachipsera ka pachibwano kawiri konse pa chipatala china. Akasoka, pakapita milungu kabwereranso, n'kumatulutsa timafinya. Atafika kwa ife tinapeza dzino lakutsogolo lam'munsi linafa kalekale atagwa pa njinga. Mafinya a ku muzu wa dzino anadziboolera njira mpaka kutulukira pakhungu, ndipo njira ija ndi yomwe inkakokera khungu m'kati. Dzino silinkamupweteka n'komwe, n'chifukwa chake palibe amene analiganizira. Titathana ndi dzinolo, kabowo kanauma kokha. Mukagwira m'kati mwa tsaya ndi chala china kunja, nthawi zina mumamva kachingwe kolimba kochoka pachipsera kupita ku fupa.

Mayi wa kiliniki ya khungu

Achimwene a mano anena zenizeni. Ndiwonjezereponso: kadzenje kopanda mbiri yomveka musakatenge ngati chipsera wamba. Nthenda ya khungu yotchedwa discoid lupus imasiya malo olowa, otuwa pakati, akuda m'mphepete. TB ya m'ma gland a m'khosi imasiya zipsera zokokeka pansi pa nsagwada. Jakisoni wa steroid wobayidwa pakhungu amalowetsanso khungu. Zipsera zondondozana mbali imodzi ya nkhope, ganizirani mashingozi ndipo mupereke mwayi woyezetsa HIV. Ndipo kwa abale athu achialubino, chilichonse cha pankhope chomwe chikusintha, chikhale cholowa kapena chotupa, mukachidula chimapita mu mankhwala osungira a formalin kukayezedwa, osati m'bini.

Wa ku OPD

Wabwera m'mawa uno, ndamuona modekha. Kali pakati pa tsaya, zala ziwiri kutsika kuchoka pa fupa la pansi pa diso, kutali ndi nsagwada. Mano ali bwino, kachingwe palibe. Ndayezanso bwinobwino, ndi mamilimita 2.5, kozungulira. Makoma ndi owongoka, ndikatambasula khungu sikazimirira. Pansi pake ndi potuwa komanso ponyezimira. BCG ndi yafulati, m'makutu mulibe kanthu, ali ndi mphini ziwiri pamsana zomwe zinapola bwino. Mayi ake akuti akukumbukira kuti pamenepo ndi pomwe ankakanda kwambiri nthawi ya katsabola. Chithunzi wavomera, ndi ichi.

Namwino wa ku Joni

Moni nonse kumudzi. Ine kuno ku Johannesburg ndimagwira pa kiliniki ya zokongoletsa khungu, ndipo zotere timaziona sabata iliyonse. Bwanji osapewa mpeni? Filler ya hyaluronic acid, yomwe timabaya pansi pa khungu, imadzaza kadzenje tsiku lomwelo, pa chinkhoswe adzakhala ali bwino. Palinso TCA CROSS, yomwe timadontheza asidi wamphamvu pansi pa kabowo ndi kamtengo kotokosera m'mano, khungu n'kumadzikweza lokha. Laser nayo ilipo, koma ndikudziwa kuti kwanuko njovuta.

Mayi wa kiliniki ya khungu

Achemwali, njira mwatchulazo ndi zenizeni, sindikuzinyoza. Koma pa kachipsera aka ndi pamalo pomwe mnyamatayu ali, ndikukana.

Filler imakweza chipsera chofewa, chija chimasalala mukatambasula. Aka makoma ake ndi omangika. Mukabaya pansi pake, mankhwala amathawira m'mbali momwe muli mofewa, m'mphepete n'kutukuka, kadzenje n'kuoneka kozama kuposa kale. Komanso imatha pakapita miyezi, abayitsenso. Ndipo wobaya filler pankhope ayenera kukhala ndi hyaluronidase, mankhwala osungunula filler, pafupi, chifukwa filler ikalowa mu mtsempha wa magazi khungu limafa. Pa chipatala cha m'boma aipeza kuti?

TCA CROSS inayambira ku Korea, analemba za iyo mu 2002, ndipo amagwiritsa asidi wa 65 mpaka 100 peresenti. Imathandizadi, makamaka pa ice pick, ngakhalenso pa zipsera za katsabola ena amaigwiritsa. Koma imafuna kubwereza kangapo motalikitsa milungu, ndipo pa khungu ngati lathu pamatsala banga lakuda lomwe limatenga miyezi kuti lichoke. Dontho limodzi likagwera pambali, mwapanga chipsera chachiwiri. Inu kumeneko muli ndi botolo lodziwika mphamvu yake ndiponso dzanja lozolowera. Asidi wogula m'njira zosadziwika asafike pankhope pa mwana wa eni.

Namwino wa ku Joni

Ndamva amayi. Za banga lakuda n'zoona, ngakhale kuno makasitomala athu akuda timawachenjeza kawiri kawiri, pa laser makamaka.

Dokotala wa maopaleshoni

Ndawerenga zonse pakati pa ma case. Ndiyankhe za mpeni, poti ndi zomwe munafunsa.

Ellipse yomwe mumaganiza ija iwerengereni masamu. Kuti isasiye timakutu kumapeto, kutalika kwake kumakhala pafupifupi katatu kuposa m'lifupi. Kachipsera ka 2.5, muonjezere pang'ono kuti makoma onse achoke, mwafika 3 kapena 3.5, ndiye kuti mzere wa sentimita yathunthu pakati pa tsaya. Wabwera ndi kadontho, abwerera ndi mzere wooneka ali patali. Ellipse isungireni zipsera zokulirapo, zopitirira mamilimita 4, kapena zazitali kale.

Subcision ndimaikonda, koma si ya apa. Ndifotokozebe chifukwa mudzakumana nazo. Anaifotokoza a Orentreich mu 1995. Mumalowetsa singano, ambiri amatenga ya 18G, kuchokera pambali pa chipsera, yogona chopingasa pansi pa khungu lenileni. Mumaiyendetsa kutsogolo ndi kumbuyo, kenako uku ndi uku ngati mukupeta, mpaka timinyewa tija tiduke. Mumamva ndithu kuti thethethe. Magazi amadzaza mpata watsalawo, ndipo pakupola pamamera mnofu watsopano womwe umagwiriziza khungu pamwamba. Munthu amatupa ndi kuda pamalopo sabata imodzi kapena awiri, ndipo nthawi zambiri mumabwereza. Pa rolling ndi yabwino zedi, yotchipa, singano tili nazo. Koma aka vuto lake si chingwe chokha. Khungu la pansi pake linaonongeka, ndi lopyapyala. Mukadula zingwe mukweza chinthu chotuwa chomwecho, makoma ali pomwepo. Chenjezo lina pa subcision: m'litsipa, pamwamba pa fupa lopita ku khutu, ndi m'mphepete mwa nsagwada, mitsempha yoyendetsa nkhope imadutsa pafupi. Kumeneko singano isazame.

Punch elevation ndi pomwe mumadula mozungulira ndi punch (kampeni kozungulira ngati kapaipi) yofanana ndi kadzenje, osachotsa kachidutswako, n'kukakweza kafanane ndi khungu lina, n'kumata. Imafuna kuti pansi pa kadzenje pakhale khungu labwino. Apa mwati ndi lotuwa, ndiye mungokweza kadontho koyera. Punch graft, kutenga kachikopa kuseri kwa khutu n'kudzala pamenepo, pa khungu lakuda kawirikawiri mtundu sugwirizana, kamaoneka ngati chigamba.

Chotsala ndi punch excision, kudula ndi punch n'kuchotseratu kachipserako, ndipo ndi yomwe ndingachite ine. Punch ya mamilimita 3, ija timadulira kachikopa kokayezetsa (biopsy). Muuzeni amwetulire, akwinye nkhope, muone komwe makwinya akugonera, mulembe ndi cholembera ali chikhalire, musanabaye dzanzi, chifukwa mankhwala a dzanzi a lignocaine akalowa kadzenje kamafufuma n'kusowa. Pobaya punch, tambasulani khungu ndi zala modutsana ndi makwinyawo. Mukasiya, bowo lozungulira lija limasanduka ngati nthanga ya dzungu, logona motsata makwinya, ndipo limatsekeka lokha mwaulemu. Punch ifike pa mafuta a pansi pa khungu, makoma onse a chipsera akhale m'kati mwake. Masulani pang'ono m'mbali ndi nsonga ya sizasi kuti pasakhale kukokana. Ulusi wowonda kwambiri wa nylon 6-0, mfundo ziwiri, milomo ya bala itukuke pang'ono m'mwamba chifukwa pakupola imatsika. Mukasoka chafulati, mudzapeza kamzere kolowa. M'mphepete mwa bala musafinye ndi forceps.

Wa mano

Pa dzanzi, pitani ku dental mukapemphe cartridge imodzi. Yathu ndi lignocaine 2 peresenti yokhala ndi adrenaline kale, ndipo singano yake ndi yowonda kwambiri kuposa za ku OPD. Simufika n'komwe mililita imodzi. Mudikire mphindi khumi kuti adrenaline agwire, magazi asakutsekeni maso.

Sister wa ku theatre

Punch ikhale yatsopano, yotsegula pomwepo. Zapulasitiki zija n'zogwiritsa kamodzi, ndawaonapo ena akuziviika mu mankhwala kuti agwiritsenso, zimakhala zitabuntha, zimatafuna khungu m'malo modula. Ndipo 6-0 muyambe mwaigwira m'manja musanamupatse tsiku. Mukapeza kabati muli ulusi wokhuthala wa 3-0 wokha, musayerekeze, mabowo a ulusiwo adzaoneka kuposa chipsera.

Koma ine ndaona china pa chithunzi. Chala chomwe chatambasula khungucho ndi chake? Taonani mfundo za chalacho mmene zadera, muyerekeze ndi tsaya. Mwana ameneyu akudzola. Mufunseni mwaulemu, pawiri, mayi ake ali panja.

Wa ku OPD

Sister, maso anu! Chala ndi chake. Ndamuimbira, poyamba amati ndi mafuta wamba, kenako wavomera kuti anzake anamupatsa kirimu woti ayere pa chinkhoswe, wadzola miyezi iwiri. Wanditumizira chithunzi cha chubu, palembedwa clobetasol.

Mayi wa kiliniki ya khungu

Basi, nkhani ya masabata 5 yathera pamenepa.

Clobetasol ndi steroid wamphamvu kwambiri, ngakhale ife pankhope sitimulembera wamba. Amapyapyalitsa khungu, amachedwetsa bala kupola, ulusi umang'amba m'mphepete, matenda amalowa mosavuta. Khungu lotere silisokedwa chifukwa cha maonekedwe. Asiye, koma mumuuziretu kuti akasiya nkhope ikhoza kuyabwa, kutuluka tiziphuphu ndi kuda kwa kanthawi. Mukapanda kumuuza, adzathamangira chubu chomwecho. Achepetse pang'onopang'ono, azidzola mafuta wamba ofewetsa khungu, ndipo mumuone pakatha milungu iwiri. Zikavuta munditumizire. Ine ndimadikira miyezi itatu khungu litakhazikika ndisanalole mpeni.

Ngakhale pakanapanda kirimu, ndikanakanabe za tsikuli. Pa sabata lachisanu chipsera chatsopano chimakhala pachimake, cholimba, chakuda kapena chofiirira kuposa khungu lonse. Chimafewa ndi kufanana ndi chinzake pakapita chaka, nthawi zina chaka ndi theka. Mukadula lero, pa chinkhoswe adzaima pamaso pa ankhoswe ndi apongozi ndi chinthu chooneka kuposa kadzenje komwe wakhala nako zaka zonsezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanangu.

Ndipo mawu oti "kuchotsa" muwasiye. Ine ndimawauza kuti, mayi, chipsera sichichoka, tikusinthanitsa kadzenje ndi kamzere. Kamzere kamabisika ndi ufa wodzola, kadzenje kamagwira mthunzi, phindu lake ndi limenelo. Koma kamzereko kakhoza kutambasuka, kuda, kapena kulowanso pang'ono. Mumupatse galasi, mujambule ndi cholembera kutalika kwa mzere patsaya pake, aone yekha. Ena akaona amati basi ndikhala nako, ndipo ameneyo mwamuthandizanso.

Namwino wa ku Joni

Za tsiku la chinkhoswe ndithandizepo ine. Wom'konza nkhope ayambe ndi primer ya silicone, aidinde m'kadzenjemo ndi nsonga ya chala, osapaka mokhwekhwereza, kenako foundation yosanyezimira. Zonyezimira zimaonetsa dzenje. Wojambula amuwalitsire kuchokera kutsogolo. Kuwala kwa m'mbali komwe amayi anati muyezere kuja ndi komwe kumaulula.

Dokotala wa maopaleshoni

Chomaliza kwa ine. Achimwene, luso la manja muli nalo, koma ya pankhope yoyamba musachite nokha. Opaleshoni yokongoletsa ilibe chifukwa cha changu, ndipo ikalakwika mafunso a ku Medical Council amayambira pa zomwe munaphunzitsidwa ndi amene anakuyang'anirani. Ngati angakwanitse ulendo, mutha kumutumiza ku Queens kapena ku Kamuzu Central (KCH). Apo ayi, ndimabwera kwanuko pa outreach, mumuike pa list, mudzadule inuyo ine ndili pambali. Consent, kalata ija yovomereza opaleshoni, ilembedwe m'Chichewa, mawu a amayi aja a kadzenje ndi kamzere alowemo, ndipo mujambule chithunzi musanayambe.

Pokonzekera, tengani punch yotha ntchito muyeserere pa chikopa cha nkhumba kapena cha nkhuku, muone mmene bowo limasinthira mukatambasula.

Wa ku OPD

Ndakhala naye pansi lero pafupifupi theka la ola. Analira pang'ono nditati chinkhoswe chisanachitike sizitheka. Ndamujambulira kamzere pagalasi, wayang'ana nthawi yaitali, wati akufunabe, koma adikira. Chubu wandisiyira patebulo. Zikomo nonse, ndidzakuuzani.

Wa ku OPD

Akuluakulu, ndabweranso ndi nkhani ya mphunzitsi uja, papita miyezi isanu. Chinkhoswe chinayenda bwino. Atasiya kirimu nkhope inavutadi milungu itatu monga ananenera amayi, kenako inakhazikika.

Tinachita masabata atatu apitawo, adokotala ali pambali. Punch ya 3, bowo linagonadi motsata makwinya, ndinasangalala ngati mwana. Mfundo yoyamba anandimasulitsa chifukwa milomo ya bala sinatukuke, ndinasokanso. Ulusi tinachotsa tsiku lachisanu ndi chimodzi, n'kumata tepi ya steri-strip. Kamzere ndi ka mamilimita 4, kafulati, sikanalowe. Koma kada kuposa khungu lonse, ndipo iye wayamba kuda nkhawa. Ndichitepo kanthu?

Mayi wa kiliniki ya khungu

Musachitepo kanthu ndi mpeni kapena jakisoni. Kuda kumeneko n'kwa khungu lathu likavulala, kumatsika pakapita miyezi. Mdani wake ndi dzuwa. Poti ndi mphunzitsi, pa assembly ndi popita kusukulu avale chipewa cha khonde kapena afunde ambulera, ndipo ngati angapeze sunscreen ya SPF 30 kapena kuposa azidzola m'mawa uliwonse. Apitirize kumata tepi modutsa kamzereko milungu ina ingapo, chifukwa pa sabata lachitatu bala limakhala lisanalimbe, ndipo tsaya limakokeka akamaseka ndi potafuna. Akasiya tepi, silicone gel ngati ilipo, ndi kusisita pang'ono ndi chala.

Muzikagwira pa review iliyonse. Kakayamba kutukuka, kuyabwa, kapena kupitirira malire a pomwe munadula, mundiimbire msanga tione za jakisoni wa steroid wa triamcinolone, koma musabaye nokha mongoyerekeza, chifukwa mukachulutsa mubwezeretsa dzenje ndi banga loyera pamwamba. Ndipo mufunseni mwachindunji ngati anzake aja sanamubweretsere chubu china choti ayeretsere kamzereko.

Wa ku OPD

Ndamufunsa, akuti anamupatsadi koma sanatsegule, abwera nacho Lachisanu. Review ina ndalemba pa masabata 6, ina pa miyezi itatu. Zithunzi ndizijambulira pawindo lomwe lija, nthawi yomweyo ya m'mawa, kuti tidzayerekeze bwino.

Sister wa ku theatre

Muuzeni abwere asanadzole ufa.